Kalilole Wobwerako Chimanjamanja

Pali mawu awiri amene anthu a kwathu kuno ku Kasina amadana nawo akawamva kuchipatala. Mawuwo ndi akuti "sitinapeze kanthu." Munthu wagulitsa thumba la kachewere, wapalasa njinga mpaka pa Linthipe, wakwera minibasi, wakhala pa mzere kuyambira m'mamawa, ndiye adokotala aimika chithunzi cha X-ray pa nyali, achiyang'anayang'ana, n'kunena kuti sitinapeze kanthu. Pobwerera kumudzi munthu uja amayenda ngati wabedwa. Ena amafika ponena kuti bola akadandipeza ndi TB, ndikadadziwa chomwe ndikulimbana nacho.

Ine ndidaphunzitsa sayansi m'sukulu za sekondale kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo lero ndikufuna kuwaikira kumbuyo mawu awiriwa. Mboni zanga ndikazitenga kutali, kwa anthu amene akhala akuunika thambo ndi X-ray pofunafuna kanthu kena kakang'ono, ndipo mpaka lero akubwerako chimanjamanja. Musathawe abale anga, masamu ndawasiya m'kalasi.

Nkhani yake idayamba mu 1933. Katswiri wina wa zakuthambo, Fritz Zwicky, amene ankagwira ntchito ku California, ankayeza liwiro la milalang'amba ya m'gulu lina lotchedwa Coma. Mlalang'amba timaudziwa tonse: ndi kanjira koyera kaja, konga ufa wotayika, kamene kamadutsa pakati pa thambo usiku wa mu Julayi kukakhala kopanda mitambo. Umenewu ndi mudzi wa nyenyezi mabiliyoni ambirimbiri, dzuwa lathu lili momwemo, ndipo midzi yotere ilipo yosawerengeka. Zwicky adapeza kuti milalang'amba ya mu Coma ikuthamanga mopyola muyeso. Mwana akamangirira mwala ku luzi n'kumauzunguza, mwalawo suuluka chifukwa luzi laugwira, koma akawonjeza liwiro luzi lopyapyala limaduka. Kuthambo luzi lake ndi mphamvu yokoka, yomwe ija imagwetsa mango pansi, ndipo mphamvuyi imachuluka malinga ndi kulemera kwa zinthu. Zwicky atawerengera kulemera kwa nyenyezi zonse zooneka adaona kuti luzilo n'losakwanira. Gulu lonse likadayenera kumwazikana kalekale. Tsono adati payenera kuti pali china cholemera chimene sichiwala.

Anzake sadamulabadire kwenikweni kufikira zaka za m'ma 1970, pamene mayi wina, Vera Rubin, pamodzi ndi Kent Ford, adayeza kazunguliridwe ka milalang'amba, kuyambira ndi wa Andromeda. Nyenyezi za m'mphepete, zomwe zikadayenera kuyenda mwaulesi, zidapezeka zikuthamanga ngati za m'katikati. Lero akatswiri amawerengera kuti pa matumba 6 alionse a zinthu za m'chilengedwe, 5 ndi a chinthu chosaonekachi. Ifeyo, phiri la Chongoni, nyanja ya Malawi, dzuwa ndi nyenyezi zonse, tapanikizana m'thumba limodzi lotsalalo. Pa Chingerezi amachitcha dark matter. Ine ndizingoti Chamdima.

Tsiku lina nditafotokoza zimenezi m'kalasi la Fomu 4, mtsikana wina wa kumbuyo adakweza mkono.

"Aphunzitsi, chinthu chosaoneka, chosagwirika, koma chikukoka zinthu usiku ndi usana. Ndiye kuti azungunso amakhulupirira ufiti?"

Kalasi lonse lidafa nalo phwete. Ine sindidaseke, chifukwa funsolo lidandifikitsa kwathu.

Atsibweni anga adapita ku Joni pa Wenela chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Adakumba golide kufikira 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70, ndipo boma la Kamuzu lidaimitsa ulendowu. Adabwerako ndi njinga, wailesi ndi jekete limene ankavala pa maliro ndi pa Khirisimasi pokha. X-ray adaidziwira komweko, pakuti asanakutsitse mu mgodi ankayamba akuunika m'chifuwa. Patapita zaka zoposa 20, mu 1996, bambo amene ankasenza thumba la nyemba kuchokera kudimba osapumira adayamba kubanika pokwera kachitunda ka kuseri kwa nyumba. Kuchipatala adayeza makhololo, TB sidapezeke. Adajambula X-ray, adokotala n'kunena kuti pakali pano palibe chooneka bwinobwino, mubwerenso pakatha miyezi itatu.

Achibale ambiri adangomva theka loyamba la mawuwo. Adasonkherana ndalama, nadumpha malire kupita kwa sing'anga wina wa ku Angonia, amene adali ndi kalilole wakewake. Iyeyo sadachedwe. Asanathe n'komwe kumwa madzi alendowo, kalilole adali ataonetsa kale nkhope: a Naphiri, mayi wamasiye wokalamba woyandikana nafe, amene chaka chapitacho adakangana ndi banja lathu pa za malire a dimba. Usiku womwewo anyamata adasasula udzu wa denga lawo. Mayi anga ndiwo adawabisa m'khitchini mpaka kudacha, nkhani n'kukafika kwa amfumu.

Chimene sindiiwala ndi mawu a mwini matendawo. Adandiitana pakhonde, akupuma mwa befu.

"Aphunzitsi," ankanditchula choncho ngakhale ndidali mwana wa mlongo wawo, "kawauzeni anthuwo awasiye mayi aja. Chili m'chifuwa muno ndidachimeza ndekha pansi pa nthaka. Ndikuchidziwa ndi fungo lomwe."

Chithunzi china chimene tidakajambulitsa ku Lilongwe pambuyo pake chidaonetsa timadontho toyera kumtunda kwa mapapo onse awiri. Adali matenda a fumbi la mwala, amene madokotala amati silicosis, ndipo amatha kuonekera munthu atasiya mgodi zaka zambiri zapitazo. Adamwalira mu 1999. Patapita zaka zina 20, mu 2019, khoti la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wakuti makampani a golide apereke R5 biliyoni kwa anthu amene adadwala matendawa m'migodi yawo. A Naphiri adali atasamukira kale kwa mwana wawo ku Ntcheu, ndipo sadapondenso kuno. Palibe adapita kukawapepesa.

Tsono kuti ndimuyankhe bwino mtsikana wa Fomu 4 uja, ndiyenera kukuonetsani mmene akatswiri amasakira chosaoneka chawocho.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono m'chilengedwe totchedwa neutrino. Timachokera kudzuwa ndi kwina, ndipo timapyola chilichonse: toposa mabiliyoni 60 tikudutsa pa chikhadabo chanu pa sekondi iliyonse inu osamva kanthu. Chodabwitsa n'chakuti tina mwa toyamba kugwidwa tochokera mumlengalenga tidagwidwira m'migodi yomweyo ya golide. Mu 1965 Frederick Reines ndi Friedel Sellschop adagwira tinthuti ndi makina amene adawaika makilomita atatu pansi pa nthaka mu mgodi wa East Rand Proprietary ku Boksburg, m'dera limene abale athu ankapumira fumbi. Koma ma neutrino amenewa ndi opepuka kwambiri ndiponso aliwiro kwambiri, sangakwanitse kukhala Chamdima. Ndiye mu 1994, chaka chimene ife tinkaponya voti ya matipate, Scott Dodelson ndi Lawrence Widrow adapereka ganizo lakuti mwina neutrino ali ndi m'bale wake wolemererapo, wosacheza ndi aliyense, amene amangomvera mphamvu yokoka basi. Dzina lake amati sterile neutrino. Ngakhale ndi wolemererapo, amachepabe kwambiri poyerekeza ndi atomu, n'chifukwa chake amaikidwa m'gulu la tinthu topepuka timene tingakhale Chamdima.

Nanga kanthu kosacheza ndi aliyense mungakagwire bwanji? Masamu ake amati mwa apo ndi apo kamodzi kamasweka, ndipo posweka kamatulutsa kuwala kwa X-ray. Kanthu kamodzi kakhoza kukhala nthawi yoposa kutalitali zaka mabiliyoni 13.8 zimene chilengedwe chakhalapo kasanasweke. Koma taganizani za mapasa. M'mudzi wa mabanja khumi pangapite zaka osabadwa mapasa, pamene m'Malawi monse amabadwa tsiku ndi tsiku. Pamene Chamdima chaunjikana chochuluka, monga m'magulu a milalang'amba, tinthu tosweka tiyenera kukhalapo nthawi zonse. Ndipo kuwala kwake sikungakhale kwa chisawawa. Kuyenera kumveka pa malo amodzi okha, ngati siteshoni imodzi ya pa wailesi. Pamene siteshoniyo yagwirira pakuuzani kulemera kwa kanthuko, chifukwa kuwalako kumatenga theka la mphamvu yake yonse. Kukwera kwa mawu ake kukuuzani kuti kamasweka pafupipafupi motani.

Apa pali kusiyana ndi kuchipatala. Kumeneko makina ndiwo amaponya X-ray kupyola m'chifuwa chanu. Kuthambo zinthu zimatulutsa zokha, ntchito ya akatswiri n'kutchera basi. Koma mpweya wozungulira dziko lathu umameza X-ray yense wochokera kunja, ndipo tiyenera kuthokoza chifukwa cha zimenezo. Choncho wofuna kumuona ayenera kukweza makina ake pamwamba pa mpweyawo. Setilaiti yoyamba yopangidwira ntchito imeneyi idanyamukira ku Africa konkuno. Adaiponya pa 12 Disembala 1970 kuchokera pa nsanja ya San Marco, m'nyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya, tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo, ndipo adaitcha Uhuru, ndiye Ufulu m'chinenero chathu. Uhuru ndiyo idaonetsa kuti magulu a milalang'amba monga Perseus ndi Coma amawala ndi X-ray, chifukwa pakati pake padadzaza mpweya wotentha madigiri mamiliyoni makumimakumi. Mtsogoleri wa ntchitoyi, Riccardo Giacconi, adalandira mphotho ya Nobel mu 2002.

Mu 1999 adakweza matelesikopu awiri akuluakulu, Chandra ya ku America ndi XMM-Newton ya ku Ulaya. Nawonso ali ndi akalilole, koma achilendo. X-ray akamenya galasi maso ndi maso sabwerera, amangolowerera. Ndiye akalilole ake adawapanga ngati migolo yolowetsana, kuti kuwalako kuzingokhudza m'mbali n'kunjanja, monga umachitira mwala waphanthiphanthi mwana akauponya chopendekera pa dziwe.

Mu Febuluwale 2014 kudamveka mfuu. Gulu la Esra Bulbul, mayi wochokera ku Turkey amene ankagwira ntchito ku America, lidaphatikiza zithunzi za magulu 73 a milalang'amba, n'kupeza kachizindikiro kofooka pa 3.5 keV. Iyi keV ndi muyeso wa mphamvu ya X-ray, ili ngati manambala a pa wailesi aja. Patangopita masiku ochepa gulu lina, la Alexey Boyarsky wa ku Leiden, lidalengeza kuti laona chomwecho mu Andromeda ndi mu Perseus. Ngati kadali kanthu kaja, ndiye kuti kulemera kwake ndi 7 keV, kupepuka koposa ka 70 poyerekeza ndi electron. Akatswiri adalemba mapepala mazanamazana. Funso la zaka 80 linkaoneka ngati layankhidwa.

Tsono onetsetsani zimene zidatsatira. Eni nkhaniwo adanena okha m'pepala lawo kuti chizindikirocho n'chofooka, ndipo adatchula makina amene adzawatsimikizire kapena kuwatsutsa. Anzawo ena adati mwina ndi potaziyamu kapena sulufule wa mu mpweya wotentha uja, pakuti nazonso zimawala chapafupi pomwepo. Makina amene ankadikiridwawo adali setilaiti ya Japan yotchedwa Hitomi. Adaiponya pa 17 Febuluwale 2016, ndipo pa 26 Malichi idazungulira mosalamulirika n'kuphwasuka. Idangokhala milungu isanu. Koma isanafe idali itayang'anako ku Perseus ndi diso lakuthwa kuposa onse akale, ndipo chizindikiro chija sichidaoneke pa mlingo umene chidanenedwa.

Mu 2020 anyamata atatu, Christopher Dessert, Nicholas Rodd ndi Benjamin Safdi, adabwera ndi nzeru ina. Adati ifenso tili m'kati mwa Chamdima cha Mlalang'amba wathu, choncho kulikonse kumene telesikopu ingayang'ane, ngakhale pa malo opanda kanthu, ikuyang'ana kupyola m'Chamdimacho. Adafukula zithunzi zakale za XMM-Newton za malo a mdima okhaokha, zokwana pafupifupi chaka chathunthu choyang'ana osaphethira. Siteshoni ya 3.5 idali zii. Ena adatsutsa njira yawo yowerengera, mkangano udapitirira poyera, ndipo mu Seputembala 2023 Japan idaponya XRISM kuti ipitirize pamene Hitomi idasiyira.

Kanthu kena kopepuka kamene akukasaka motere ndi axion, dzina limene Frank Wilczek adalitenga pa paketi ya sopo wochapira zovala. Tinthu ta mtundu umenewu tikadakhala tamphamvu, X-ray wochokera pakati pa Perseus akadafika kuno ali ndi timakwinya, chifukwa podutsa mu maginito a m'gululo ena mwa iye akadamasanduka tinthuto. Chandra idayang'anitsitsa, timakwinya osaoneka.

Mwina mukuti, ndalama zonsezo kuthera pa "sitinapeze kanthu"? Koma amene adasowetsapo mbuzi akudziwa. Mukafufuza dambo lonse la kumunsi osaipeza, simunataye tsiku. Mwadziwa kuti mawa mulowera kuphiri. Kusaona kulikonse kwa ma telesikopu amenewa kumadula malo amene kanthu kaja kangabisale: ngati kali kolemera chakuti, sikangasweke mofulumira kuposa apa, chifukwa tikadakaona. Malire otere, powaphatikiza ndi miyeso ina ya mmene milalang'amba ing'onoing'ono idapangikira, atsekeratu khomo la ganizo loyamba lija la Dodelson ndi Widrow ngati yankho la Chamdima chonse. Ganizo labwino, la anthu anzeru, lidayesedwa n'kuikidwa pambali popanda wogwetsedwa denga. N'chimodzimodzinso ndi adokotala aja a atsibweni. Mawu awo adachotsapo TB pa nthawiyo, adapulumutsa wodwala ku mankhwala a miyezi yambiri osafunikira, ndipo adanena tsiku loti tidzayang'anenso.

Kalilole wa ku Angonia uja ali ndi makolo ake. M'zaka za m'ma 1930 kudabuka gulu la Mchape, lochokera cha ku Mulanje, limene lidafalikira mpaka ku Northern Rhodesia. Audrey Richards, amene adaliona pakati pa a Bemba mu 1934, adalemba kuti anthu ankaimikidwa pa mizere, amuna paokha akazi paokha, n'kumadutsa mmodzimmodzi kumbuyo kwa wofufuzayo, iye akuyang'ana zithunzi zawo m'kakalilole kakang'ono. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lidakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1911, koma akalilole otere sadathe. Mu Januwale 2016, milungu yochepa Hitomi isananyamuke, nkhalamba zinayi zidaphedwa ku Neno mphenzi itapha mtsikana wa m'banja lawo.

Sindikunyoza mantha a munthu amene m'bale wake akufota iye akuona. Ndidakhalapo pakhonde limenelo. Ndiponso sindikunena kuti chilichonse chosaoneka n'chabodza, popeza matumba asanu aja sitiwaona. Chimene ndidamuyankha mtsikana uja n'chakuti, inde, onse awiri akusaka chosaoneka, ndipo onse awiri ali ndi kalilole. Koma wa Chandra amanena asanayang'ane kuti ngati chilipo chionekera apa, pa mlingo wakuti, ndipo chikapanda kuoneka ndivomera. Akaona kanthu, ena amabwera ndi kalilole wawo kudzamutsutsa, iye n'kuwapatsa zithunzi zake zonse. Akabwerako chimanjamanja amalemba zomwezo, dziko lonse n'kuwerenga. Nanga kalilole winayu, mudamvapo kuti anthu adapita ndi nkhuku ndi ndalama, iye n'kuyang'ana n'kunena kuti abale anga, pano palibe munthu, kapitirizeni kuchipatala? Kalilole amene saloledwa kubwerako chimanjamanja ayenera kupeza winawake. Ndipo kawirikawiri amapeza amene alibe mwana wamwamuna pakhomo.

Wilhelm Röntgen atatulukira kuwala kumeneku ku Würzburg mu 1895, adakutcha X, chilembo chimene m'masamu timaika pa chinthu chomwe sitinachipeze. Sadachite manyazi kusiya chilembocho pamenepo. Akatswiri a Chamdima akhala ndi X wawo zaka zoposa 90 tsopano, akuchepetsa malo obisalamo pang'onopang'ono. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwezi wa Novembala, mvula isanakhazikike, tulukani panja cha m'ma 9 koloko usiku wopanda mwezi, Nsangwe zitakwera kum'mawa. Yang'anani kumpoto, chapakati pa nsonga za mitengo ndi pamutu panu. Mudzaona kachifunga kakang'ono ngati chala chadinda pa galasi. Ameneyo ndiye Andromeda, ndipo kuwala kumene kukulowa m'diso lanu kudanyamuka zaka mamiliyoni awiri ndi theka zapitazo. Kuno ku Dedza tikadali ndi mwayi wa mdima weniweni, umene anthu a m'mizinda ikuluikulu adautaya. Aonetseni ana, muwauze kuti zimene akuonazo ndi gawo lochepa chabe la zimene zili pamenepo, ndiponso kuti anthu akuzifunafuna popanda kuloza chala munthu.

Kwa inu mafumu athu, a nyakwawa ndi akuluakulu a mipingo, pempho langa ndi limodzi. Anthu akadzabwera pabwalo lanu ndi dzina la gogo wina limene alitenga m'kalilole, musanaitanitse gogoyo, yambani mwawafunsa kuti, kodi kalilole wanuyu adayamba wanenapo kuti palibe?